Kontena yosungira ndiwo m'firiji isankhidwe poyeza chakudya cha tsiku limodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yakukhitchini chabe, koma imene ikudya ndalama za mabanja ambiri m'matauni mwathu popanda wina woiona. Ndikunena za makontena, mabotolo ndi majumbo amene timaikamo ndiwo zophikaphika tisanazilowetse m'firiji kuti ziundane n'kudzadya tsiku lina.

Ndikudziwa kuti Amalawi ambiri alibe magetsi, ndipo wina akhoza kunena kuti kalata ino ndi ya anthu opeza bwino okhaokha. Koma ndikayang'ana m'dera lathu, amene ali ndi firiji masiku ano ndi aphunzitsi, anamwino, alonda a m'makampani, amayi ogulitsa mafirizi ndi thobwa, ndipo ambiri a iwo anagula firiji yogwirapo kale ntchito atasunga ndalama kwa miyezi yambiri. Palinso ena amene alibe yawoyawo koma amasungitsa ndiwo kwa aneba. Anthu oterewa ndi amene sangakwanitse kutaya mphika wa nyemba chifukwa choti kontena inang'aluka kapena chivindikiro sichinatseke bwino, ndipo ndi amene ndikulankhula nawo.

Ine ndinayamba kuphika zambiri nthawi imodzi chifukwa cha nyemba. Mayi aliyense akudziwa kuti nyemba zouma zimatha maola pambaula, ndipo makala ophikira theka la kilo sasiyana kwenikweni ndi ophikira makilo awiri. Kuyambira pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la makala ndi mayunitsi a magetsi zakhala zinthu zowerengera mosamala, choncho kuphika kamodzi Loweruka n'kugawa ndiwo za masiku angapo ndi nzeru imene ambiri aitulukira okha. Chimodzimodzinso ndi tomato. Pa nyengo imene wachuluka ku Bvumbwe kapena ku Lizulu, mpaka ogulitsa kumachita kukuitanira mtengo wotsika, munthu akhoza kugula dengu, kuphika msuzi ndi anyezi, n'kusunga kuti adzagwiritse ntchito m'miyezi ya mvula pamene tomato amadula. Phindu lonseli limadalira chinthu chimodzi chimene sitichiganizira mokwanira, ndicho chimene tathiramo ndiwozo.

Cholakwa changa choyamba chinali cha kukula kwa kontena. Ndinaphika nyemba zambiri, ndinazikhuthulira zonse m'kandowa ka malita asanu, n'kukaika m'firiji ndili wokondwa kuti ndapulumutsa makala a sabata yonse. Lolemba nditafuna kutapako zoti tidye masana, ndinapeza chimwala chimodzi choti supuni siingalowe, ndipo panalibe njira ina koma kusungunula kandowa konse. Zotsala ndinazibwezeramo, Lachitatu ndinasungunulanso, ndipo pofika Lachisanu nyembazo zinali zitayamba kusasa. Ndinataya pafupifupi theka, pamodzi ndi mafuta, tomato ndi makala amene ndinkati ndapulumutsa aja. Vuto silinali firiji ndipo silinali nyemba. Kuzizira kwa m'firiji sikupha tizilombo toyambitsa matenda, kumangotigoneka, ndipo chakudya chikasungunuka timadzuka n'kupitiriza kuswana pamene tinalekezera. Timaswana mofulumira chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkasungunula kandowa kaja ndinkazipatsa nyembazo maola ena m'kutentha koteroko. Komanso chakudya chambiri choikidwa m'chinthu chakuya chimachedwa kuzizira pakati, kotero kuti m'mbali mukhoza kuuma gwa pamene m'kati mukadali mofunda.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti kontena ndi yokongola bwanji kapena ndi ya kampani iti. Funso langa loyamba limakhala lakuti kodi ikukwana ndiwo zoti banja langa lidye kamodzi n'kutha. Kwathu tilipo asanu, ndipo nyemba zodzaza kontena ya lita imodzi zimatikwanira pa nsima imodzi, pamene msuzi wa tomato wothira m'ndiwo za tsiku limodzi umakwana m'kakontena ka majarini ka magalamu 250 kapena 500. Mbeta kapena mnyamata wokhala yekha safunika kontena ya lita n'komwe. Aliyense ayeze ndi chipande chake cha kunyumba kuti banja lake limadya zipande zingati, kenako afunefune kontena yokwana zipande zimenezo. Ikakhala yafulati, yosazama kwambiri, ndiye bwino koposa chifukwa chakudya chimaundana msanga ndiponso chimasungunuka msanga. Ya makona anayi imaposa yozungulira pa nkhani ya malo, pakuti zozungulira zimasiya mipata pakati pake, ndipo amene ali ndi kachipinda koumitsira ka pamwamba pa firiji wamba, kotchedwa firiza, akudziwa kuti mpata uliwonse m'menemo ndi wamtengo wapatali.

Makontena ambiri amene ndimagwiritsa ntchito sindinagule. Ndi a majarini ndi a ayisikilimu amene akanatayidwa kudzala, ndipo ena ndinachita kupempha kwa achibale. A ayisikilimu ndiwo abwino kuposa onse chifukwa anapangidwira kuzizira komweko, ndipo a malita awiri amakwana nkhuku yonse yoduladula pamodzi ndi msuzi wake. Musanagwiritse ntchito kontena iliyonse, itembenuzeni muone pansi pake. Ambiri amakhala ndi kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala m'kati, ndipo nambalayo imanena mtundu wa pulasitiki. Nambala 5, imene nthawi zina imalembedwa PP, ndi imene imapezeka kawirikawiri pa makontena a majarini ndi pa mabakuli apulasitiki a m'mashopu, ndipo imapirira kutentha kuposa mitundu yambiri. Nambala 2 ndi nambala 4, zolembedwa HDPE ndi LDPE, sizichedwa kuzolowera kuzizira ndipo sizing'aluka wamba. Nambala 1, PET, ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo imapindika mukathiramo chinthu chotentha. Nambala 6 ndi imene amapangira timbale toyera tofewa ta chakudya cha m'malesitilanti, timene timaphwanyika, sititseka mpweya, ndipo sitiyenera n'komwe kusungira ndiwo kwa masabata. Makontena ena amakhalanso ndi chithunzi cha kapu ndi foloko, kutanthauza kuti anapangidwira chakudya, kapena kachizindikiro kooneka ngati nyenyezi ya chipale, kutanthauza kuti amapirira m'firiza.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu, chifukwa nambala imeneyi yasokoneza anthu ena. Nambala imanena mtundu wa pulasitiki, koma sinena zimene zinali m'katimo poyamba. Chigubu cha oyilo wa galimoto chikhoza kukhala ndi nambala 2 yomweyo, chimodzimodzinso botolo la mankhwala ophera tizilombo ku dimba, chidebe cha penti, kapena kontena ya mankhwala othira m'chimanga poteteza anankafumbwe monga Actellic. Pulasitiki imamwa zina mwa zimene yasunga, ndipo ngakhale mutatsuka ndi sopo, phulusa ndi madzi otentha mpaka fungo litatha, simungatsimikize kuti mankhwalawo achokeratu. Ndiwo zamafuta ndi zimene zimakoka zotsalira zoterezi mosavuta. M'misika yathu mumagulitsidwa zidebe ndi zigubu zakale zotsukidwa bwino, zooneka zatsopano, ndipo wogulitsayo nthawi zambiri sadziwa kumene zinachokera. Zimenezo ndi zabwino kusungiramo makala kapena kudzalamo maluwa. Kontena ya chakudya ikhale imene munaitsegula nokha muli chakudya, kapena imene mwapatsidwa ndi munthu amene akudziwa chimene chinalimo.

Makontena a majarini ali ndi zofooka zake zimene ndi bwino kuzidziwa kuti akhalitse. Pulasitiki ya nambala 5 ikazizira kwambiri imauma n'kukhala yosachedwa kuthetheka, ndiye mukaigwetsa pansi itangotuluka kumene m'firiji, kapena mukakanula chivindikiro ndi mpeni, imang'aluka pomwepo. Ine ndimaiika kaye m'beseni la madzi ozizira kwa mphindi zochepa, kenako chivindikiro chimatseguka chokha ndipo ndiwo zimatuluka zonse ngati njerwa n'kugwera m'poto. Kutenthetsa kuchitikire m'potomo, pamoto, mpaka ndiwo zitawira bwinobwino paliponse. Amene ali ndi maikulowevu asatenthetsere chakudya m'kontena ya majarini kapena ya ayisikilimu, chifukwa makontena amenewa ndi opyapyala, sanapangidwire moto, ndipo mafuta otentha amawawononga. Kontena ikayamba kukandika m'kati, kuchita mizere yoyera kapena kusunga fungo losachoka, nthawi yake yatha, pakuti m'mikandomo mumabisala litsiro limene siponji siifikamo. Kufiira kumene tomato amasiya si koopsa, kungoti kumanyansa m'maso, ndipo ine ndinangopatula makontena atatu kuti akhale a msuzi wa tomato basi.

Ndiwo zisathiridwe m'pulasitiki zikadali zotentha, komanso zisasiyidwe pambaula yozima kuyambira masana mpaka usiku poti zizizire zokha. Malangizo a zaumoyo amati chakudya chophika chisapitirire maola awiri chili panja, ndipo kukatentha kwambiri, monga mmene kumakhalira mu Okutobala makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, nthawiyo imatsika kufika pa ola limodzi. Njira yosalira ndalama ndi kukhazika poto m'beseni la madzi ozizira, kumatakasa, ndi kusintha madziwo akafunda. Pakangotha kanthawi ndiwo zimakhala zoti mukhoza kugawa m'makontena. Mpunga ndiwo ufunika changu kuposa zonse, chifukwa umakhala ndi tizilombo tina timene timapirira kuphika, ndipo ukakhalitsa wofunda timatulutsa poizoni amene satha ngakhale mutautenthetsanso.

Kontena ikapambana pa kukula ndi pa chiyambi chake, chotsatira ndi chivindikiro. Mdani wa chakudya choumitsidwa ndi mpweya. Mpweya wa m'firiza ndi wouma, ndipo umayamwa madzi pamwamba pa chakudya chilichonse chosatsekedwa bwino, n'chifukwa chake nyama imatuluka ili ndi mawanga otuwa, olimba ngati chikopa, ndipo nyemba zimakhala ndi chipale chambiri pamwamba koma zouma m'kati. Chakudya choterocho sichidwalitsa, koma chimataya kukoma, ndipo mwana akakana kudya ndiye kuti ndalama zapita. Kumene kukulowa mpweya n'komwenso kumalowera fungo, ndipo amene anasungapo usipa pafupi ndi msuzi wa nkhuku m'kontena yosatseka bwino sadzafuna kufotokozeredwa. Kuyesa chivindikiro n'kosavuta: thirani madzi m'kontena, tsekani, itembenuzeni, muigwedeze pang'ono. Ikadontha, igwiritseni ntchito ina. Ngati ikudontha pang'ono pokha ndipo mulibe ina, yalani kapepala koyera ka pulasitiki ya chakudya pakamwa pake musanatseke, kapena ilowetseni yonse m'thumba lokhuthala n'kumanga.

Pali chinthu china chimene chimaoneka ngati chikutsutsana ndi zimene ndangonenazi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, choncho kontena yodzazidwa mpaka pakamwa imatukula chivindikiro kapena kung'aluka m'mbali. Amayi ogulitsa thobwa lozizira anaidziwa kale nkhaniyi, n'chifukwa chake botolo lawo silidzaza mpaka pakhosi. Ndiye tikufuna mpweya wochepa, koma tikufunanso mpata. Ine ndimasiya mpata wokwana chala chimodzi chopingasa pa kontena yafulati, ndi zala ziwiri pa yakuya kapena pa ndiwo zamadzimadzi. Nyama, nkhuku ndi nsomba ndimaonetsetsa kuti zamira m'msuzi wake, chifukwa msuziwo ukaundana umakhala ngati chivindikiro chachiwiri. Kontena yaikulu yokhala ndi ndiwo zochepa pansi ndiyo yoipitsitsa, pakuti theka lake ndi mpweya, ndipo apa tabwereranso ku nkhani ya kuyeza chakudya cha tsiku limodzi.

Za mabotolo agalasi, monga a jamu ndi a mayonezi, ndili ndi maganizo awiri. Ubwino wake ndi wakuti galasi silimwa fungo kapena mtundu, limatsukika ndi madzi owira, ndipo zivindikiro zake zopota zimatseka bwino. Koma galasi silipindika, ndiye chakudya chikafufuma n'kusowa kolowera, limasweka. Mabotolo okhala ndi mapewa, amene amachepa chakukhosi, ndiwo amasweka kawirikawiri chifukwa chakudya chimakankha mapewawo pokwera. Oyenera ndi oongoka, a pakamwa papakulu, odzazidwa mosafika pamwamba, ndipo chivindikiro chimangidwe mofewa mpaka za m'katimo zitauma. Galasi limadananso ndi kusintha kwadzidzidzi, kotero botolo lochokera m'firiza mukaliviika m'madzi otentha limathetheka m'manja mwanu. Likasweka, chakudya chonse chitayidwe, osayesa kutola magalasi n'kudya chotsala. Ine ndimasungiramo tinthu tochepa monga tsabola wosinja ndi adyo, koma pa nyumba ya ana ambiri otsegulatsegula firiji, kapena pamene mukusungitsa kwa aneba, sindingalangize galasi.

Tsopano ndifike pa majumbo, amene ndikudziwa kuti ndiwo ambiri timathamangira chifukwa amapezeka paliponse. Mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) analetsedwa m'dziko muno ndi malamulo a mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Chiletsocho chinabwera pofuna kuteteza chilengedwe, koma ngakhale pakanapanda lamulo, jumbo yopyapyala siithandiza m'firiza. Imalowetsa mpweya, imabooka ndi munga wa chambo kapena fupa la nkhuku, ndipo imamatirira ku chakudya kotero kuti pochotsa imang'ambika n'kusiya tizidutswa m'ndiwo. Majumbo akuda onyamulira katundu ndiwo ndimawakana kotheratu, chifukwa sanapangidwire kukhudzana ndi chakudya chophika ndipo ena amachita kununkha okha musanaikemo kanthu.

Matumba okhuthala opangidwira firiza, aja okhala ndi zipi, amagulidwa ndi ndalama, koma ali ndi ubwino umene kontena iliyonse ilibe. Mukathiramo nyemba kapena msuzi, n'kutulutsa mpweya, n'kugoneka thumbalo chafulati, limauma ngati buku, ndipo matumba khumi amasanjikana pamalo pamene pakanakhala makontena anayi. Potulutsa mpweya, tsekani zipi n'kusiya kampata kumapeto, mizani thumbalo pang'onopang'ono m'beseni la madzi mpaka pafupi ndi zipi, ndipo madziwo adzafinyira mpweya kunja, kenako tsekani. Thumba limene munali masamba, nyemba kapena mango likhoza kutsukidwa, kuyanikidwa mozondotsa n'kugwiranso ntchito, koma limene munali nyama yaiwisi litayidwe. Amene sangakwanitse matumba amenewa akhoza kugwiritsa ntchito mapepala a shuga kapena a buledi otsukidwa bwino, awiriawiri, pomanga ndi mphira, pa zinthu zosakhalitsa. Chofunika ndi kusawatembenuza, chifukwa utoto wa zolembedwa uli kunja ndipo suyenera kukhudza chakudya.

Njira imene yandipulumutsira ndalama zambiri ndi yophatikiza ziwirizi. Ndimaumitsira ndiwo m'kontena, ndipo m'mawa mwake zikauma ndimazigwedula n'kuika njerwayo m'thumba lokhuthala, kontena ija n'kutsukidwa kudikira ndiwo zina. Motero makontena asanu ndi imodzi amagwira ntchito ya makontena makumi awiri, ndipo njerwa zonse zimakhala zofanana, zosanjika bwino. Tomato wa nyengo yochuluka ndimamuumitsa m'timakontena tating'ono kwambiri, ngakhale m'thireyi ya ayizi, kuti tsiku lophika masamba nditenge zidutswa ziwiri kapena zitatu basi.

Za zitsulo sindichulutsa mawu. Mabakuli achitsulo chosachita dzimbiri ndi abwino ndipo amaziziritsa msanga, bola chivindikiro chikhale chogwira. Poto wa aluminiyamu si wosungiramo ndiwo za tomato kwa nthawi yaitali chifukwa kuwawasa kwa tomato kumadya chitsulocho n'kusintha kakomedwe, komanso kuika poto m'firiji ndi kudzimana chophikira. Chitini chotsegulidwa kale chimachita dzimbiri ndipo chilibe chotsekera. Ndiponso si chakudya chilichonse choyenera kuchiwonongera kontena. Nsima ikasungunuka imayoyoka n'kuchita madzi, ndipo mkute wa dzulo umaiposa kutali. Mbatata ya kachewere ya m'msuzi imafewa moipa, mazira owiritsa amalimba ngati mphira. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, nyama ya msuzi, nkhuku ndi masamba owiritsa pang'ono ndizo zimabwera bwino. Nkhwani zotendera zimatheka, ngakhale nsinjiro imalekana pang'ono ndi madzi, ndipo pamafunika kutakasa potenthetsa.

Chimene chimasiyanitsa khitchini ya kuno ndi malangizo ambiri olembedwa kunja ndi kuthima kwa magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130, pamene magetsi ankatha maola ambiri osayaka. Firiza imayenera kukhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo yodzaza bwino, ikapanda kutsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, pamene yodzaza theka imafika pafupifupi maola 24. Apa ndivomereze kuti makontena ang'onoang'ono amene ndawayamikira aja ali ndi vuto limodzi: amasungunuka msanga kuposa chimwala chachikulu. Mankhwala ake ndi kuwasanja mothithikana, ogundana, kuti aziziziritsana, ndipo mipata yotsala idzazidwe ndi mabotolo a madzi oundana. Imeneyi ndiyo ntchito yoyenera mabotolo a nambala 1 aja, bola osawadzaza mpaka pakhosi. Nthawi ya mdima ndi imenenso chivindikiro chimaonetsa kufunika kwake, chifukwa nyama yaiwisi ikayamba kusungunuka madzi ake amayenderera, ndipo akalowa m'ndiwo zophika ndiye ngozi. Zaziwisi zikhale pansi, zophika pamwamba, zotsekedwa.

Pochoka pakhomo kwa masiku angapo, monga popita ku maliro kumudzi, ndimasiya m'firiza kapu ya madzi oundana yokhala ndi ndalama yachitsulo pamwamba. Ndikabwerera n'kupeza ndalamayo ili pansi pa kapu, ndimadziwa kuti zinthu zinasungunuka n'kuumanso ine kulibe, ngakhale zikuoneka zolimba. Si muyeso wangwiro, koma umaposa kungoganizira. Chakudya chimene chikadali ndi timiyala ta ayizi m'kati chikhoza kuumitsidwanso. Chimene chasungunuka koma chikadali chozizira ngati cha m'firiji wamba chiwiritsidwe n'kudyedwa tsiku lomwelo. Chimene chafunda chitayidwe, ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa mphuno ndi lilime sizizindikira tizilombo tonse, ndipo ndalama za kuchipatala ndi za thiransipoti zimaposa mtengo wa nyemba.

Ndiwo zikaundana zimafanana zonse, makamaka m'makontena a majarini osaonekera m'kati. Ndinasungunulapo msuzi wa tomato ndikuganiza kuti ndi nyama, alendo ali pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo ndimamata katepi kapepala pa chivindikiro n'kulembapo dzina la ndiwo ndi tsiku lophika. Ndiwo zophika ndi bwino kuzidya pasanathe miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kuno kumene magetsi amathimathima ine sindidutsa mwezi umodzi. Zatsopano ziikidwe pansi kapena kumbuyo kuti zakale ziyambe kutha. Kwa amene amasungitsa kwa aneba, kulemba dzina pa kontena kumateteza ubale, pakuti makontena a majarini a m'dera lonse ndi ofanana, ndipo mkangano wa ndiwo zosinthana suchedwa kufika kwa amfumu a m'dera.

Kwa amene akufunabe kugula atsopano, ndingowapempha kuti asakopeke ndi maseti aja a makontena khumi olowetsana, kuyambira chachikulu mpaka kakang'onong'ono. Pa khumiwo mudzagwiritsa ntchito awiri kapena atatu, ndipo chivindikiro chimodzi chikatayika kontena yake yatha ntchito. Ndi bwino kugula a msinkhu umodzi, a mtundu umodzi, kuti chivindikiro chilichonse chizikwana paliponse. Yambani ndi awiri, muwayese ndi madzi, muwagoneke m'firiza usiku umodzi, ndipo akapirira mukagule ena mwezi wotsatira. Kontena yopanda chizindikiro chilichonse pansi, yonunkha mankhwala mukaitsegula m'shopu, isiyeni ngakhale ili yotchipa. Amayi anzanga amene timasonkherana mphatso za pa bridal shower tingachite bwino kuganizira zimenezi, chifukwa mkwatibwi amalandira maseti atatu ofanana a maluwamaluwa, opanda ndi imodzi yomwe yotseka bwino.

Kudzera mwa inu Akonzi, ndikupemphanso bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards kuti lilimbikitse opanga ndi oitanitsa ziwiya zapulasitiki kuika zizindikiro zooneka bwino pa katundu wawo, ndiponso kuti lifotokozere anthu pa wailesi, m'Chichewa, tanthauzo la manambala ndi zithunzi zimenezi. Pakadali pano mayi wogula bakuli mumsika wa Limbe amangodalira kuligogoda ndi chala kuti amve ngati ndi lolimba, ndipo wogulitsa ukamufunsa ngati limapirira m'firiza amangoyankha kuti inde.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Chilomoni,
Blantyre.